Tiyamike auzidwe asanakwere minibasi

Senga Bay, Salima

Wokondedwa mwana wanga Rute,

Moni wochokera kuno kumchenga. Kodi muli bwanji ku Bowe uko, iwe ndi ana? Ine ndilipo, kungoti maso ayamba kuchita nkhungu, posoka maukonde ndikumaphonya. Akundilembera ndi a Elisha, mkulu wa mpingo wathu, ndipo ndawauza kuti asachotsepo liwu ngakhale limodzi.

Ndamva kuti sukulu ikatsekera ukufuna kubwera ndi ana adzaone nyanja. Bwerani, mphasa zilipo, koma mudikire mphepo ya mwera ileke. Amene ndikumuopera kwambiri ndi wamkuluyo, Lazaro. Kusambira kwa m'timitsinje ta ku Dowa kumamunamiza, ndiye madzi asadzamupitirire m'chiuno. Chisangalalo ndi wamantha, ameneyo azidzatola zigoba za nkhono pambali panga.

Koma nkhani yanga ndi ya wamng'onoyo, Tiyamike. Akulu akewo akudziwa kuti munakwirira thunthu la nthochi m'malo mwa bambo awo Andireya, popeza nyanja sinatibwezere thupi. Iyeyo munakamubisa ku Mponela kwa azakhali ake. Atandifunsa pa foni za bambo ake, pakamwa panga pokonda nthanopa panathamanga. Ndinamuuza kuti bambo ake ali pa chilumba, akuwedza. Mwezi wotsatira ndinawapatsa bwato lobiriwira. Kenaka ndinawapatsa galu. Chaka chathunthu ndakhala ndikukuza chilumba chimenechi, mwana akuseka, inenso mtima ukupepukako, pakuti amene anaitana mwamuna wako kuti asiye kulima fodya adzagwire usipa ndi ine ndemwe.

Lamulungu lapitali wandiuza kuti wasunga mtedza m'chitini woti adzawapatse bambo ake. Anafunsanso ngati galuyo amaluma. Ndinayankha kuti saluma. Waona? Mpaka pano ndikuwonjezerabe.

Pempho langa ndi limodzi. Umukhazike pakhonde, umuuze zoona asanakwere minibasi, alirire kwanu komwe kuli anthu omunyamula. Ukandisiyira ine, ndikadzangomuona pamchenga atafumbatira chitini, ndikudzidziwa, ndidzamulozera chilumba china chakutali. Umuuzenso kuti amene ananama ndi ine agogo ake, osati iwe. Akakana kudzandiona, usamukakamize.

Upereke moni kwa amalume ako, kwa apongozi ako ndi kwa alamu ako onse. Lazaro ndi Chisangalalo uwauze kuti ndikuwadikira. Tiyamike usamupatsenso moni wa bambo ake monga ndinkakutuma kale. Wa lerowu ndi wanga ndekha.

Ndine bambo wako,
Elifala Chimphepo