Mkamwini Kumanda kwa Apongozi

Kabwazi, Dedza

Achimwene Alufeo,

Landirani moni wochokera kuno kumapiri. Muli bwanji ku Joniko, inu, alamu anga ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno matupi ali bwino, koma pakhomo panga pavuta. Mwana wanga Faith sakugona m'nyumba mwathu. Amayi anamutenga, ali naye ku Kasina, ndipo akukana kumubweza.

Ndikufotokozereni ndekha, ena asanakuuzeni zokhota.

Mukudziwa kuti amuna anga a Dongsu bambo awo anamwalira chaka chatha kwawo ku Korea, ndipo maliro sanawaone. Kwawoko, cha mu Seputembala mwezi ukakhala wathunthu, kumakhala chikondwerero cha zokolola chotchedwa Chusoku. Aliyense amabwerera kumudzi. Tsikulo lisanafike, ana amakamweta udzu pamanda a makolo awo. Akuti manda omera thengo ndi manyazi a ana amoyo.

Tsono poti manda a bambo awo ali kutsidya kwa nyanja, iwo anaganizira abambo athu. Osandiuza, anatenga chikwakwa m'mawa n'kulowa kumanda okhaokha. Analambula pamene pagona abambo, kuzula ndi chisoso chomwe, kenako n'kugwada mpaka chipumi kugunda pansi. Azimayi ochokera kotola nkhuni anawaona. Inu mukudziwa dzina limene amapatsidwa munthu wolowa yekha kumanda kuno kwathu.

Anabwerako ali thukuta lokhalokha, akumwetulira, n'kundiuza kuti apongozi awo tsopano agona poyera.

Ndinawauza kuti zimenezo kuno sitichita. Anapepesa, koma anandipempha kuti mwambo wa m'nyumba wokha ndisawaletse. Ndinalola, chifukwa munthuyo chimwalirireni bambo ake anali asanalirepo.

Tsiku la chikondwererolo tinaumba timikate ta ufa wa mpunga, tothira chitowe ndi shuga mkati, n'kutiphika pa nthunzi pamwamba pa masamba a paini amene anakathyola kuphiri. Patebulo anayalapo mpunga, nsomba, nthochi ndi chithunzi cha bambo awo. Chitseko anachisiya chotsegula, akuti malemuwo alowe adzadye ndi ana awo. Faith anaima pambali pawo n'kumatsanzira kagwadidweko, akuseka.

Nthawi yomweyo ndi pamene anatulukira Mervis, mkazi wa mng'ono wanu Zikhalo, kudzabwereka sefa. Anaona supuni itazikidwa mumpunga, chithunzi cha wakufa, ndi mwana atagwada. Sanaodire n'komwe. Anabwerera.

Pofika tsiku la msika ku Mayani, nkhani inali itakula. Akuti mbatatesi zathu zimabereka chifukwa chokhwima. Akuti kumanda kuja a Dongsu anakatapa dothi. Akuti Faith ndiye akukonzedwa kuti aperekedwe. Aganyu asiya kubwera kudimba. Kutchalitchi, benchi limene takhalapo limakhala la awirife.

Amayi atabwera anakana mpando. A Dongsu, ndi Chichewa chawo chodukaduka chija, anafotokoza kuti sapembedza akufa, amangowapatsa ulemu, ndiponso kuti abambo athu anawatenga ngati bambo awo. Amayi anati, "Mwamuna wanga sanakudandaulireni za udzu." Anamugwira Faith padzanja n'kumapita. A Dongsu sanalimbane nawo. Anangoima pakhomo mpaka njinga yamoto imene anakwera itazimiririka.

Ndinapempha abambo mfumu kuti akalankhule nawo. Anapitadi, n'kukawauza kuti ngakhale Akatolika a ku Korea amachita mwambowu ndipo mpingo suletsa. Amayi anayankha mwaulemu kuti abambo mfumu sanaberekepo mwana.

Achimwene, amayi sindikuwada. Ndikudziwa kuti akuchita zimenezi chifukwa cha mantha, ndipo mdzukulu wawo amamukonda. Koma amuna anga akutha. Sakudya. Amapita kudimba n'kukangokhala pamzere. Andiuza kuti mwambowo ausiya mpaka kalekale, bola mwana abwere.

Lachisanu ndinapita ku Kasina kukamuona Faith. Amayi anandilola kucheza naye kuseri kwa nkhokwe. Ndinamubweretsera juzi, poti m'mawa kukuzizirabe. Atavala, anandinong'oneza kuti anzake akumuthawa. Kenako anandifunsa ngati n'zoona kuti adadi ake akufuna kumudya.

Ndinamuuza kuti ndi bodza. Mwana amene ankagona pamsana pa bambo ake, lero akufunsa zimenezo.

N'chifukwa chake ndakulemberani. Inu ndinu mutu wa banja lino tsopano, ndipo amayi mawu anu amawamva. Inunso ndinu mlendo kumeneko, mukudziwa kuwawa kwa kunenedwa m'dziko la eni. Aimbireni foni. Muuzeninso Zikhalo alankhule ndi mkazi wake. Musadikire Khirisimasi, chifukwa mwana akazolowera kuopa bambo ake, ngakhale atabwerera m'nyumba muno sitidzakhala kuti tamubweza.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Bongani ndi Miracle. Ambuye akusungeni pantchito ndi m'misewu ya kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Jesinta