Mutu wanga auwerengera ku Area 11

Lachisanu, 16 Sepitembala 1977

Wailesi ya kukhitchini ikungoti kalembera, kalembera. Akuti sabata yamawa ayamba kuyenda khomo ndi khomo. Mtima uli m'mwamba. Owerenga ndinawaonapo ine. Anabwera kwathu kwa Kamzati ndi choko, nalemba manambala pazitseko, nawerenga anthu, nkhokwe, mpaka mitengo ya mango. Mvula isanagwe kunafika katapila wogumula nyumba. Anthu anga anakawataya kudambo, kuseri kwa Lumbadzi. Mudzi wathu lero ndi Area 11, ndipo ine ndikuthirira kapinga wa bwana Lawford Gondwe pomwe panali munda wa mayi anga.

Lamulungu, 18 Sepitembala

Kunabwera Bernadetta, mwana wa mlongo wanga. Ana akutsegulabe m'mimba, madzi ndi a pachitsime chomwe zimamwa ng'ombe. Mjigo umene analonjeza posamuka, zii.

Ndamuuza monga mwini mbumba: owerenga akamveka, tsekani nyumba, tengani ana, kakhaleni kumadimba. Musiye nkhalamba zokha. Nyumba yopanda nambala katapila saiona.

"Malume, koma a tcheyamani a chipani ati aliyense apezeke pakhomo."

"Tcheyamaniyo ndiye anakwatitsa amako?"

Anagwada n'kuwomba m'manja. Akamvera. Mbumba yanga sinandikanepo.

Lachiwiri, 20 Sepitembala

Owerenga afika pano. Kamtsikana ka sekondale, pensulo m'tsitsi. Bwana anatisonkhanitsa tonse: khuku, mkazi wake, ana, mlamu wake wongocheza, ngakhale amisiri ogona m'nyumba yosatha ya kuseriyi. Ndinati ine mundilembe kwa Kamzati.

"Agogo, sindikufunsa kwanu. Ndikufunsa kumene munagona."

Choko pachitseko cha boyizikota momwe ndimagona. Ndayesa kufufuta ndi malovu, chikuonekabe.

Lachinayi, 22 Sepitembala

Ndikudula maluwa pafupi ndi khonde, bwana ndi mnzawo wa ku maofesi a boma ku Kapitolo amakamba mosakaniza Chitumbuka ndi Chizungu. Ndinatolapo zina. Akuti mitu ikachuluka kuno, dera lino lidzapata khansala wakewake, phula ndi magetsi a mumsewu. Ndinalephera kupirira.

"Pepani bwana, khansalayo tidzasankha nawo?"

Anaseka, koma osati mwachipongwe. "Inu madala mumavotera kwanu. Kuno mumangogona."

"Nanga mutu wanga?"

"Mutu tausunga ife." Mnzawoyo mpaka anatsamwa ndi tiyi.

Kenaka bwana anandifotokozera mofatsa, ngati ali ku Sande sukulu. Akuti boma siligawa poona misozi, limaona mitu. Sukulu, chipatala, mjigo, zonse zimalondola pamene palembedwa anthu ambiri. Anati, "Kwanuko auzeni asabise ndi khanda lomwe."

Ndinangoti inde bwana. Duwa limene ndinadula pamenepo linali losayenera kudulidwa.

Loweruka, 24 Sepitembala

Ndapempha kuti ndipite kumudzi. Dona akana, mawa kuli alendo a kumpingo. Ananditumiza kumsika kukagula anyezi, ndiye ndinapatukira kwa mnzanga Sadiki, wokhoma zidebe.

Nditamuuza zimene ndinalamula kumudzi, anaimitsa hamala. "Che Mbewe, mwabisa anthu ngati mbuzi zothawa dibi? Ife kuno talembetsa ndi alendo a ku Mangochi omwe, amene abwera dzana kudzagulitsa nsomba!"

Ndinati iye sanagumulidwepo nyumba. Anati n'zoona, koma ngakhale iwo asanyade: ogona m'makonde a sitolo onse awerengedwa, mipopi ikathera ku Area 15 monga kale. "Kusiyana kwake, ife atidya tili m'buku. Inu akudyani muli kuthengo."

Ndatuma mawu kudzera mwa wamakala wina wa njinga wodutsa kwathu. Ndati atuluke onse, alembedwe. Maso ake anali ofiira ngati wolawa mowa. Kaya.

Lachitatu, 28 Sepitembala

Kulibe mawu. Khwangwala tsiku lonse padenga la galaja.

Loweruka, 1 Okutobala

Wamakala wabwera. Uthenga anakapereka Lachiwiri, owerenga anadutsa Lolemba. Anapeza zitseko zomanga ndi luzi, nkhalamba zowerengeka ndi agalu. Nkhalambazo zinanena monga ndinalamulira: ana onse anapita kutauni. Owerenga analemba kuti mudzi ukutha.

Tsidya la dambo, pa esiteti ya fodya, alemba matenanti onse ndi ana awo, anthu a ku Mulanje amene akagulitsa fodya abwerera kwawo, osavota kuno ngakhale tsiku limodzi. Mphekesera ndi yoti mjigo wathu ukakumbidwa kumeneko, pafupi ndi zigafa za mwini esiteti.

Ine ndalakwa chiyani? Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, zotsalazo anandiphunzitsa ndi katapila. Amene anatipusitsa ndi choko poyamba paja, iwo afunsidwa ndi yani?

Lamulungu, 2 Okutobala

Khuku akuti anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira, anaima pageti n'kufunsa ngati pano pamagwira mkulu wa kwa Kamzati. Sanasiye dzina. Bwana lero sanandiyankhe moni.

Lachiwiri, 4 Okutobala

Bernadetta wafika m'mawa, fumbi mpaka m'maondo, wopanda mwana kumsana. Wamng'ono uja wamusiya kuchipatala ndi mchemwali wake. Ndinamuyalira mphasa, sanakhale.

Akuti a chipani anachititsa msonkhano. Kubisala pa kalembera akuti n'kunyoza boma, ndipo mudzi wonse sungaganize chinthu chimodzi popanda wouuza. Anthu anangoti zyoli. Ndiye a chipaniwo anatenga mwamuna wa Bernadetta, poti ndiye amadziwa kuwerenga, akumusunga ku ofesi ya chipani.

"Ndawauza, malume."

"Wawauza chiyani?"

"Kuti ndinu. Mkamwini alibe mawu pamudzi, inu mukudziwa. Afere mawu a eni ake?"

Ndinati mwana wa mlongo wanga sangandipereke. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"Mitu mwatibisira, madzi mwatimana. Bambo wa ana anga yekha ndiye mundibwezere."

Kiyi wa boyizikota ndamupatsa khuku. Majekete ndavala awiri, akuti ku ofesi ya chipaniko kumazizira pansi. Bernadetta ali pageti, wayamba kale kuyenda. Zoti malume tsogolani sananene.