Tiyi Amene Bwana Anamwa Msanga

Hong Kong,
Mwezi wa khumi, 1907

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumudziko? Chifuwa chija chinakusiyani? Ine ndili bwino, kungoti ndakusowani kwambiri, ndipo mpunga wa kuno sukundilowa.

Ndinamva kuti asilikali a nduna ya boma lathu la China anamugwira mng'ono wanga Wing-fat ndi boti lake, ati ankapha nsomba opanda chilolezo, pomwe madziwo Angerezi amati ndi awo. Ndinadandaulira bwana wanga, mzungu amene ndimamutanthauzira. Ndi munthu wabwino, koma waphuma. Iye anati tisadikire makalata, tingowoloka mtsinje tikaonane ndi ndunayo.

Tinapitadi. Anatilandira bwino n'kutiikira tiyi. Mukudziwa kuti kwa akuluakulu tiyi ameneyo sakhudzidwa mpaka nkhani itatha, ndipo kunyamula kapu ndiko kutsanzika. Koma bwana anali ndi ludzu. Ndisanamukodole n'komwe, kapu inali kale pakamwa. Antchito anafuula kuti mlendo akunyamuka, nduna inaimirira, ife dzina la Wing-fat tisanalitchule.

Pachipata mlembi wa nduna anandiseka kuti, "Iwe Kam-shing, buledi wa azungu wakuiwalitsa mwambo eti? Ukawauze abwana akowo kuti nkhani za boma sizidumpha mpanda ngati nkhuku."

Maso anga anali paphiri la kwathu, mpaka kachere wa pakachisi ndinamuona. Ndinkalakalaka kungouyamba wapansi, ndidzakupezeni mukuyanika nsomba pabwalo.

Tsopano akuti njira yake ndi iyi: bwanamkubwa wa kuno alembere kazembe wa Angerezi ku Canton, kazembe alembere mkulu wa chigawo, iyeyo ndiye alembere ndunayo. Bwana anadzudzulidwa, ndipo ine andiletsa kuwolokanso mpaka yankho litabwera. Mwina Chaka Chatsopano chidzamupeza Wing-fat akadali m'ndende ya ndunayo.

Pempho langa ndi limodzi. Kuzizira kwayamba, ndipo anamugwira atavala kamalaya ka panyanja. Jekete langa la thonje lili m'bokosi, kunsi kwa bedi. Chonde mukamupatse. Mukamuyang'anitsitse nkhope, mudzandiuze ngati wawonda. Inu simufunika kazembe, Amayi. Mungopita n'kugogoda pachipata cha ndendeyo.

Mupereke moni kwa mlamu wanga ndi khanda lake, kwa azakhali, ndi kwa amalume. Wing-fat mukamuuze kuti ndinafika pafupi.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Kam-shing