Amawerenga za Loweruka, za Lachiwiri sazidziwa

Aphungu,

Ndithandizeni, mtima wanga suli m'malo. Ndine mayi wa zaka 39 ndipo ndimakonza tsitsi mu saluni ya Mayi Earline kuno ku Macon. Mwana ndili naye mmodzi, Tierra. Wamaliza sekondale chaka chino ndipo akufuna kulowa ntchito yangayi. Amene ndinamukopa ndine, ndipo ndinamukopa ndi bodza.

Loweruka saluni imadzaza, azimayi kukonzekera za kutchalitchi. Kuyambira Tierra ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndikaweruka ndimakhuthula ndalama za tsikulo patebulo kuti awerenge. Ndinkati aphunzirepo masamu, koma kunena zoona ndinkakonda mmene ankandiyang'anira. Akafika pa madola 400 ankakuwa kuti, "Amayi, inu ndiye bwana!" Ine n'kumati, "Eya, ine palibe wondilamula."

Chimene sanaonepo ndi Lachiwiri. Mpando umene ndimagwirirapo si wanga. Lachiwiri lililonse m'mawa ndimapereka lendi yake, madola 225, kubwere anthu kusabwere. Mankhwala a tsitsi, utoto, matawulo, zonse ndimagula ndekha. Pakati pa sabata pena ndimatandala tsiku lonse n'kugwira mutu umodzi wokha. Nthawi ina Tierra atadwala ndinapempha kuti lendi ichedweko, Mayi Earline anangoti, "Mwana wanga, ndimakukonda, koma mpando sudziwa kuti kwanu kuli matenda."

Ndiye pali ngongole ya sukulu. Ndinatenga madola 14,000 zaka 16 zapitazo. Chaka chonse tinkakonza tsitsi la anthu olipira pasukulupo, ife osalandira kanthu, ati tikukwanitsa maola 1,500 ofunika kuti tilembe mayeso a layisensi. Zinthu zikathina ndinkapempha kuti ndiyambe ndaima kubweza, koma chiwongola dzanja sichinkaima. Lero atsala madola 11,000. Chaka chatha, nditachotsa zonse za ntchito, ndinapeza 19,000 basi. Makalata a ngongoleyo ndimawabisa m'bokosi momwe muli mutu wa chidole umene ndinkaphunzirira kumeta.

Sabata yatha tinakaona sukulu imene Tierra wasankha. Magalasi mbee, kafungo kabwino, nyimbo chapansipansi. Bambo wolembetsa ophunzira atamva ntchito yanga anati, "Ndiye ine ndilankhulirenji? Mayi, muuzeni nokha mwanayu mmene ntchitoyi imalipirira." Aphungu, ndinamwetulira n'kuvomera ndi mutu! Fizi ndi madola 21,000. Thandizo la boma ndi ngongole ya Tierra sizikukwana. Patsala 8,000 yoti ndisainire ine monga kholo pofika Lachisanu la sabata yamawa, apo ayi malo ake apatsa wina.

Tili m'galimoto pobwerera, Tierra anandiyang'ana. Anandigwira phewa n'kunena kuti, "Amayi, mukudandaula chiyani? Amenewotu ndi ma Loweruka makumi awiri okha."

Mwanayu ali ndi luso kuposa ine. Akaluka mnzake, anthu amamuimitsa panjira kufunsa kumene walukitsa. Ndikakana aziti sindimukhulupirira. Ndikasaina ndimira. Ndikamuuza zoona, bwana uja watha, ndipo ndikuopa nkhope imene adzandionetse. Nditani?

L.D., Macon

*

Mayi L.D.,

Musasaine. Ndayamba ndi pamenepo kuti mwina kasitomala akusokonezani musanamalize kuwerenga.

Ngongole ya kholo si ya mwana. Imakhala m'dzina lanu nokha. Tierra amalize asamalize, apeze makasitomala asapeze, eni ngongole adzafunsa inu. Mukalephera, boma likhoza kugwira ngakhale ndalama za msonkho zimene mumayembekeza kubwezeredwa. Yoyamba ija yakutengerani zaka 16 kuti muchotsepo madola 3,000. Yachiwiriyi mudzaimaliza muli ndi zaka zingati, mawondo ndi msana zili bwanji?

Ena akuuzani kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha. Ayi, iyi ifotera m'manja mwanu nonse awiri. Ndipo mwanayo sakulira mopusa. Masamu ake ndi olondola bwinobwino, kungoti munamupatsa theka la funso.

Lachisanu limenelo lisakuthamangitseni magazi. Sukulu zambiri zotere zimatsegula kalasi yatsopano pakangopita milungu yochepa. Bambo wa kusukulu uja sakusowa malo, akusowa siginecha yanu. Bwererani, koma ulendo uno azifunsa ndi Tierra, inu muzingomvera. Mwa amene anayamba chaka chatha, anamaliza ndi angati? Anakhoza mayeso a layisensi ndi angati? Omaliza akupeza zingati pachaka? Akalembe mayankhowo papepala. Bamboyo akayamba kukamba za mtsikana wawo mmodzi amene akukonza tsitsi la oimba otchuka, dziwani kuti yankho alibe.

Kenako mukafunse kukoleji ya boma ya ntchito zamanja. Kawirikawiri fizi yake imatsika kwambiri, koma mayeso ndi layisensi ndi zomwezo. Funsaninso ku ofesi yopereka malayisensi za njira yophunzirira mu saluni pansi pa katswiri. Imatenga nthawi yaitali, koma mwana satuluka atasenza ngongole. Palibe kasitomala amene anakhalapo pampando n'kufunsa kuti sukulu yanu inali ndi magalasi angati.

Inunso tulutsani makalata aja m'bokosi, chidolecho sichikulipirirani. Imbirani amene amatolera ngongole yanu, muwafunse ngati mungamabweze molingana ndi zimene mumapeza. Kuimitsaimitsa kuja ndi kumene kwakudyerani zaka.

Tsopano za manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mayi. Inu simunabe. Mwalera mwana nokha ndi lumo ndi chipeso, mwaima tsiku lonse mpaka mapazi kutupa, ndipo mwanayo wakula, wamaliza sukulu, ali ndi luso. Cholakwa chanu n'chimodzi: munamuonetsa tsiku limodzi pa sabata. Akwiya, musadzinamize. Mwina atha masiku osakulankhulani bwino. Koma mkwiyo wa milungu iwiri ndi wopepuka kusiyana ndi tsiku limene adzakhale yekha pampando wopanda munthu, kalata ya ngongole ili m'chikwama, n'kuzindikira kuti amayi ake ankadziwa koma anamwetulira.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: musamuuze kuti ntchitoyi ndi yoipa. Mukatero amva ngati mukunyoza manja ake, ndipo adzakasaina kwina mobisa. Ntchito si yoipa, woipa ndi mtengo wolowera.

Chitani chonchi. Loweruka lino khuthulani ndalama patebulo monga mwa masiku onse, awerenge, akutcheni bwana. Koma musazisunge ndinu, mupatseni agone nazo. Lachiwiri m'mawa mupite naye ku saluni. Awerenge yekha madola 225 n'kuwaika m'manja mwa Mayi Earline. Akagule yekha mankhwala a sabatayo. Akhale nanu tsiku lonse, aone kuti pakhomopo palowa anthu angati. Madzulo muike kalata ya ngongole patebulo lomwe lija, pambali pa zimene zatsala m'manja mwake. Musalalikire, musadziteteze. Mungomufunsa kuti, "Mwana wanga, tawerenganso. Ndi ma Loweruka angati?"

Aphungu