Nzimbe ya Tsiku la Kadamsana

Bhalupada,
Ganjam.
9 Febuluwale, 2024.

Okondedwa achemwali a Kuntala,

Ndikhulupirira mawondo akukulolanibe kukwera masitepe a nyumba yanu ya ku Surat ija, ndiponso kuti mwana wanga Niranjan sakukutherani mpunga. Ine kuno ndilipo ndi mano anga atatu. Anali anayi, koma limodzi ndalisiya m'sitima. Khalani pansi kaye musananene kuti Trinath wayambanso mabodza ake.

Pa siteshoni yathu ija, pomwe sitima zonse zimangodutsa ngati tinazitukwana, paima sitima. Yatha masabata awiri ili panjanji ya m'mbali pomwe mbuzi za a Panigrahi zimagona. Mulibe mipando, mulibe wogulitsa tiyi, mulibe wofunsa tikiti. Muli chipatala chathunthu, achemwali, bogi ili la maso, ilo la makutu, linalo la mano. Tsiku lomwe ndinapita ndi dzino, nditafika pakhomo ndinavula nsapato popanda wondiuza, ngati ndikulowa m'kachisi. Kunja dzuwa likuswa mtengo, mkati mukuzizira ngati madzi a mumtsuko. Pansi pake mukhoza kudyerapo. Wochotsa mano anasuzumira m'kamwa mwanga n'kufunsa kuti anzake a manowa ali kuti, ine ndinamuuza kuti anapita ku Surat kukafuna ntchito ngati wina aliyense.

Mukuwakumbukira a Dandapani oumba mbiya, aja akhala akugwiridwa ndodo zaka zisanu ndi ziwiri? Ndinalipo powachotsa thonje m'maso. Anayang'ana akazi awo nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti mayi okalambawa ndi a kwa yani. Akaziwo anawamenya ndi thaulo uku akulira.

Nditamva kuti amasokanso milomo ya ana, ndinakwera basi kupita kwa makolo a Jhunu, mpongozi wanga, mkazi wa Niranjan, amene munamubweza kwawo zaka zitatu zapitazo. Bambo ake anandisiya chiimire pabwalo mpaka mthunzi wanga unatopa. Koma Jhunu anatuluka, anafunda nsalu kumutu, n'kundigwira mapazi ngati palibe chinachitika. Kumbuyo kwake kunali Kuni, mdzukulu wanga. Watsala pang'ono kukwanitsa zaka zinayi, ndipo anaphunzira kale kuseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Palibe anamuphunzitsa.

Wotilandira m'sitima anali Dokotala Mariamma, mayi wamfupi wa ku Kerala amene amalankhula chilankhulo chathu mopotoka ngati mchira wa galu. Anachotsa dzanja la Kuni pakamwa pang'onopang'ono, n'kufunsa ngati pamtundu pathu panabadwapo wina wa mlomo wong'ambika. Jhunu anayankha maso ali pansi.

"Wolakwa ndine, adokotala. Ndinadula nzimbe tsiku la kadamsana ndili woyembekezera."

Adokotala sanaseke. Anafunsa kuti pakati panali pa miyezi ingati, Jhunu anati isanu ndi iwiri. Pamenepo anationetsa kansonga ka chala chawo chaching'ono, akuti mlomo wa mwana umalumikizana mwanayo ali wamng'ono choncho, mwezi wachiwiri, mayi wina asanadziwe n'komwe kuti waima.

"Pamene dzuwa limada, mlomo uwu unali utakhala kale chonchi miyezi isanu. Mukanadula munda wonse wa nzimbe, mwana wanga, palibe chikanasintha."

Jhunu anapempha kuti abwerezenso. Anabwereza. Anapemphanso kachitatu, ndipo mayi uja, ndi mzere wonse wa anthu ukudikira panja, anabwereza osatopa.

Lachiwiri m'mawa anamutenga Kuni. Chitseko chitatseguka ndinaona nyale zazikulu zozungulira zili lende padenga, ndi anthu ovala zobiriwira ongooneka maso okha. Ndinakhala pansi pa mtengo wa pa siteshoni n'kumaganiza: njanji yomweyi imene inatitengera ana athu onse kupita nawo kumakina oluka nsalu, lero yabwera ndi manja osoka nyama ya munthu ngati nsalu ya ukwati. Tiyi amene ndinagula asanazizire bwinobwino, namwino anatiitana. Lero patha masiku khumi, kutupa kwaphwa. Chatsala ndi kamzere kofiira kocheperapo kuposa ulusi. Dzulo anamwa mkaka wa njati yoweta kapu yathunthu osatayira pachifuwa, kenaka anakhala ola lonse akudziyang'ana kuseri kwa mbale yachitsulo. Ndi nkhope ya malemu mayi athu, achemwali. Mukadzamuona mudzakhala pansi.

Tsopano ndifike pomwe cholemberachi chakhala chikuzemba. Mukukumbuka kuti tsiku la kadamsana lija munali kuno, nonse munadzitsekera m'nyumba osadya osamwa, ndipo madzulo ake munapeza mpeni ndi makoko a nzimbe kuseri kwa khola. Munamufunsa Jhunu, iye anangoti ndinadula. Mwana atabadwa munati umboni ndi uwu. Nzimbe ija ndinadya ndine. Njala inandipweteka, mano osendera ndinalibe, ndiye ndinamuitana mwakachetechete. Anakana kawiri ndi mutu. Ine ndi pakamwa pangapa ndinamuuza kuti dzuwa lero lili ndi mavuto ake, lilibe nthawi yoona zimene mpongozi wa Trinath akuchita. Anadula chifukwa apongozi sakanizidwa katatu.

Tsiku lomwe munamumangira katundu ndinali pakhonde, ndikuseketsa ogula fodya. Ndinkakuopani, monga ndakhala ndikukuopani chiyambire tsiku lomwe munandimiza mutu m'dziwe ndili ndi zaka zisanu. Ndinkati ndinena mawa. Mawa limenelo lakwanitsa zaka zitatu.

Pobwerera kuchokera ku siteshoni ndinamufunsa Jhunu chifukwa chake sananditchule, ngakhale pamene mwamuna wake anasiya kumuyankha foni. Anakoka nsalu kumutu n'kunena kuti, "Dzina la apongozi silituluka pakamwa pa mpongozi, bambo."

Adokotala aja anamasula mpeni, anamasula nzimbe, anamasula ngakhale dzuwa. Kukhala chete kwanga kokha ndiye sitima ilibe bogi lake. Bambo a Jhunu ndawauza kale zonse pamaso pa abale awo. Ananditchula mayina angapo a ziweto, ndipo onse anandikwana.

Ndamva kuti mwamupezera Niranjan mtsikana wina wa ku Aska, ndipo mukufuna mukaonane ndi makolo ake mwezi uno usanathe. Ndagwira mapazi anu, achemwali, musapite. Kalatayi mumuwerengere Niranjan mokweza, ndipo musadumphe ndime ya nzimbe monga mumadumphira mbali zovuta powerenga mabuku a mapemphero. Ngati pali wina woti abwezedwe kwawo, ndibwezeni ine, kungoti sindikudziwa amene angandilandire.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa onse a kwathu kuno amene ali kumakinako. A Dandapani akuti moni, ndipo akuti abwere adzakuoneni ngati nanunso munakalamba. Kuni sakupereka moni chifukwa sakukudziwani. Bambo ake amawadziwira pachithunzi chaukwati chokha. Jhunu akupereka moni kwa inu ndi kwa mwamuna wake. Ali m'nyumba muno chichokereni m'sitima, ndipo tiyi wam'mawa ndikumuphikira ndine, woipa kwambiri, iye amamwa osadandaula. Koma mtolo wake sanamasule. Uli pafupi ndi chitseko, ndipo akuti aumasula akamva mawu ochokera ku Surat.

Ndine mlongo wanu,
Trinath Gouda.