Bambo Athu, a Aliyense

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, kupatula nthiti zanga zomwe zikuwawabe ndi kuseka.

Kalata yanu ija ndinaiwerenga, yoti Bambo abwere adzakhale kwanuko poti kuno akungobindikira m'nyumba. Simunaname. Chiwadulire mwendo kuchipatala, njinga yawo ya mateyala atatu, yopalasa ndi manja ija, inkangochita dzimbiri pakhonde, chifukwa mumsewu waukulu malole sadziwa munthu. Munthu amene ankasoka nsapato kumsika tsiku lonse anayamba kukangana ndi wailesi. Zinkandiwawa, Achemwali.

Ndiye atikonzera njira ya oyenda pansi ndi apanjinga, yodutsa kuseri kwathu mpaka kumsika, ndi chikwangwani chachikulu: NJIRA YA ALIYENSE. Bambo anathira mafuta tcheni, kumeta ndevu, ine pambuyo ndi bokosi la zida. Titafika polowera tinapeza zitsulo ziwiri zozikika pansi, zoti njinga zamoto zisalowe. Mpata wake wongokwana njinga wamba. Ya Bambo sikanakwanapo, ndiye tinabwerera kunyumba.

Tsiku la mwambo wotsegulira njirayo Bambo anavala jekete la pa ukwati wanu lija n'kundiuza kuti, "Iwe, tikafika ukandikankhe mwamphamvu." Musandikalipire, ndinakankhadi. Njinga inalowa theka n'kukanirira pakati pa zitsulo, osapita kutsogolo, osabwerera. Kumbuyo kwathu kunali mzere wa akuluakulu okonza mapulani a misewu, atakwera njinga zonyezimira, akuliza mabelu.

Bwana wawo anatsika, thukuta lili kamukamu. "Pepani bambo, tapatukani pang'ono."

"Ndipatukire kuti?" anatero Bambo. "Mwalemba dzina langa apo. Aliyense ndine."

"Komatu mpatawu tinayeza ndi njinga."

"Ya ndani, mwana wanga?"

Anthu anafa ndi phwete. Mayi wina wokankha kangolo ka ana amapasa anakuwa kuti nayenso ndi Aliyense, agogo ena a ndodo ziwiri n'kuvomereza. Bwana uja anayang'ana zitsulo, n'kuyang'ana njinga, kenako naye anaseka n'kuvula jekete. Kuti Bambo atuluke akuluakuluwo anachita kuzula chitsulo chimodzi, ndipo pochibwezera mpata anauyeza ndi njinga ya Bamboyo.

Pano kumsika palibe amene akuwatchula dzina lina. Ndi "a Aliyense" basi, ndipo akuyankha monyada ngati analandira digiri. Abwerera pamalo pawo pakale paja, pafupi ndi wokonza mawotchi, ndipo madzulo akumafika ali ndi njala komanso miseche yambiri.

Choncho chipinda munawakonzera chija, gonekanimo ana. Ndikudziwa munachikonza ndi mtima wonse, musakhumudwe. Mukamadzabwera mudzatenge nsapato zonse zong'ambika za m'nyumbamo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Moni wa Bambo ndikanakupatsirani, koma lero sindinawaone. Atuluka ndisanadzuke, ndipo pakhonde pangotsala kadontho ka mafuta pomwe njinga inkaima.

Ine mng'ono wanu,
Wokankha uja