Ndinagwada pa entirevisita, ntchito anaitenga msuweni wanga

Aphungu,

Mundikhululukire ngati penapake ndalakwitsa, sukulu ndinalekeza setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri. Kalatayi ndailemba katatu ndisanaitumize.

Ndine mtsikana wa zaka 23, kwathu ndi ku Lifidzi. Chino ndi chaka chachitatu ndikukolopa ndi kutsuka makapu pa banku ina yaing'ono ya alimi ku Ulongwe. Ndikamakolopa ndimatchera khutu. Mawu aliwonse amene ndamva pa kaisha, polandirira ndalama paja, ndinkawalemba m'kaderno, kabuku kanga kobiriwira, mbali ino Chipwitikizi, mbali inayo Chinyanja. Saldo ndi ndalama zimene zatsala mu konta, akaunti ija. Garantiya ndi chikole. Ndikakayika ndinkafunsa a Conceição a pa kaisha, ndipo sindinkalemba kanthu ndisanamve kawiri. Azimayi olima kachewere akatuluka osamvetsa, ankandidikira kuseri kumene ndimatayira madzi kuti ndiwafotokozere.

Mwezi watha anakhoma pepala kuti akufuna anthu awiri oyenda m'midzi kufotokozera alimi za konta, chachikulu adziwe Chinyanja ndi kulemba bwino. A Conceição ndiwo anandikakamiza kulembetsa. Msuweni wanga Arlete, mwana wa amalume, amene anamaliza sekundariya ku Fonte Boa, analembetsanso. Anabwera kwathu n'kuti, kundiitana msuweni m'Chipwitikizi, "Prima, tandibwereka kabuku kakoko masiku awiri okha, ndione zimene mumayankhula kumeneko." Ndinam'patsa. Amalume ndiwo anatifolerera nyumba bambo atamwalira, ndikanakana bwanji?

Tsiku la entirevisita, mafunso a maso ndi maso aja, ndinalawirira kukolopa chipinda chochitiramo mafunsowo ndi kuyala mipando. Atandiitana ndinalowa manja akununkhabe sabawu, sopo uja, n'kugwada pafupi ndi chitseko monga ndinaleredwera. A jerenti, mkulu wa bankuyo, anati, "Dzukani mayi, muno si mwa apongozi anu." Alendo awiri ochokera ku Tete anaseka. Kenako anandifunsa kuti, "Juru n'chiyani?" Aphungu, yankho ndinali nalo, linali pa tsamba lachinayi la kaderno uja: juru ndi chiwongoladzanja. Koma ndinaona ngati mwano kuti ine wokolopa ndiphunzitse munthu wa imvi ntchito yake. Ndinawerama n'kuti, "A shefi ndinu mukudziwa bwino kuposa ine." Analemba kanthu kakafupi papepala. Basi, zinathera pomwepo.

Arlete anamulemba ntchito. A Conceição akuti chimene chinawakomera ofunsawo ndi fanizo la Arlete: juru ali ngati wabwereka ndowa ya mbewu ya kachewere, pokolola n'kubweza ndowayo ndi kambale pamwamba; kambaleko ndiye juru. Fanizo limenelo ndi langa, ndinaliganiza ndekha ndikupalira nyemba, n'kulilemba m'kaderno muja. Lero Arlete amaponda pamene ndakolopa n'kumati, "Prima, apa pakadali ponyowa." Kaderno uja akuti anamuiwala m'shapa, minibasi ya ku Domwe.

Malo achiwiri, a ku Domwe komweko, sanapezebe munthu, ndiye aitananso pa 14 mwezi wamawa. Mayi akuti, "Usapiteko, akakusekanso, mwina akuchotsa ndi pa chikolopa pomwe." Ndipite? Ndikapita, ndinene kuti fanizo lija linali langa? Mtima ukundiwawa moti kutchalitchi, nthawi yopatsana mtendere, ndimayang'ana kumbali.

L.B., Lifidzi

Mwanawe L.B.,

Pita. Koma poyamba ndikuuze chowawa.

Arlete anakulakwira, ndipo a jerenti akanatha kukudzutsa osakuchititsa manyazi. Komabe palibe amene anakutseka pakamwa. Iwo sanafunse za juru kuti aphunzire. Ankafuna kumva mmene ungamuyankhire mlimi wa ku Domwe amene waima ndi njinga yake akukayika. "Mukudziwa ndinu" kumudzi ndi ulemu. Papepala paja analemba kuti sukudziwa.

Gula kaderno wina lero, ulembe zonse kuchokera m'mutu. Uona wekha kuti m'shapa munatsala mapepala okha. Wonjezeramo zimene amakonda kufunsa. Depozitu ndi kuika ndalama, levantamentu ndi kutapa. Udziwe kusiyana kwa konta yotapa tsiku lililonse ndi konta ya popansa, yosungira za mtsogolo. Presitasau ndi gawo limene wobwereka amabweza pa nthawi yomwe anagwirizana. Fanizo lako la ndowa ndi labwino, koma likunena mbali imodzi yokha: juru amapereka wobwereka, koma wosunga amalandira. Mbali imeneyo Arlete sanaipeze m'kaderno, ndiye ipezere fanizo latsopano. Ufunsenso a Conceição mapepala amene munthu amabweretsa potsegula konta, usachite kulota.

Kudziwa ukudziwa kale, chatsala ndi pakamwa. Pempha a Conceição kuti pa nthawi yopuma akhale ngati a jerenti, iwe ukhale pampando, osati pansi, akufunse mpaka uzolowere kuyankha. Maso akakukanika, yang'ana pamphumi pawo. Polowa tsikulo, moni wa choimirira ndi wokwanira. Kumene sukudziwa unene kuti, "Ichi sindinachiphunzire, koma ndikafunsa."

Za Arlete usazitchule m'chipinda muja. Ulibe umboni, ndipo adzangomva nsanje ya pachibale. M'malo mwake uwauze za azimayi amene amakudikira kuseri kuja, ndi zimene amafunsa. Ntchito akuifunira munthuyo iwe waigwira kale zaka zitatu osalipidwa. Nkhani ya kaderno ukaikambe ndi Arlete yemweyo muli awiri, pa 14 patadutsa.

Mayi ako akuopa chifukwa amakukonda, koma kulembetsa ntchito si mlandu. Sindikulonjeza kuti akutenga. Akhoza kusankhanso wa sekundariya, ndipo zimenezo zimachitika kawirikawiri. Ukalephera, ulephere atamva mawu ako.

Chenjezo langa ndi ili: pa 14 upemphe chilolezo cha tsiku lonse. Chipinda chimene ukakhalemo pampando akolope wina.

Aphungu